Magalasi Alibe Katoni

Lolemba, pa 3

Mwana wandiikira gemu pa laputopu ya malemu mayi ake. Akuti ndisamangoyang'ana khoma. Timanthu tisanu ndi tiwiri m'chipululu, iwe uzitiuza zochita: kudula mitengo, kumanga, kusoka. Ndinati za ana izi. Koma nditaona katundu wawo ali mbwee pabwalo, mutu unandiwawa. Zaka 26 ndikusunga katundu pakampani, uve wotere sindinauonepo.

Loweruka mwanayo abwera ndi galimoto kudzatenga zinthu za malemu, akapatse osowa. Makatoni anayi wasiya pakhonde. Sindinawakhudze.

Lachiwiri, pa 4

Ndawamangira zipinda zinayi zosungiramo. Cha matabwa, cha miyala, cha zitsulo, cha nsalu. Chipinda chilichonse umachiuza choti chizilandira, basi, timanthuto timanyamula tokha. Msomali m'chipinda cha nsalu, ine ndilipo? Ayi ndithu.

Muli mayi mmodzi wosoka, woyenda pang'onopang'ono ngati mkazi wanga. Ndamutcha Telala. Tiyi wandizizirira kawiri.

Lachitatu, pa 5

Mwana pafoni: "Adadi, mwayamba kulongedza?" Ndati ndayamba. Bodza. Ndinatsegula wadilopu, fungo la mafuta ake odzola, ndinatsekanso.

Mu gemu nyengo yozizira yayandikira. Telala wasoka majekete achikopa. Ine tsiku lonse kulekanitsa miyala yoyera ndi yakuda. Zaoneka bwino zedi. Woti ndimuonetse palibe.

Lachisanu, pa 7

Telala wafa. Kuzizira.

Cholakwa ndi changa. Chipinda cha zikopa sindinamange, ndipo cha nsalu ndinachiletsa kulandira china chilichonse. Majekete anangotsala pabwalo, mvula n'kuwaoletsa, ine ndili kalikiliki ndi miyala. Tsopano mtembo uli pakhomo, anzake akungoudumpha atasenza matabwa. Palibe chipinda chimene ndinachiuza kuti chilandire munthu.

Ndalira. Bambo wamkulu, ndevu zoyera, kulirira kachidole ka pa laputopu. Manyazi ake.

Mkazi wanga ankakonda kundiseka: "Inu bambo ake, nyumba itamapsa mungayambe mwasanja mashelefu." Miyezi itatu akutsokomola, ine ndinkasanja mapilitsi ake m'timabotolo, a m'mawa paokha, a madzulo paokha, n'kulembapo bwinobwino. Kuchipatala tinapita mochedwa. Izi mwana sindinamuuzepo.

Laputopu ndaitseka.

Loweruka, pa 8

Ndadzuka m'mamawa, ndalongedza. Njira ina sindiidziwa, ndachita momwe ndinazolowera. Katoni ya nsalu: madiresi, mipango, juzi yobiriwira ija yotha pazigongono. Ya zitsulo: sizasi, mapini, makiyi osadziwika chitseko chake. Ya mapepala. Ya mabotolo. Ndikamati "iyi ndi nsalu chabe", ntchito imayendako. Pofika teni koloko zonse tayale, tepi pamwamba, dzina la katundu m'mbali.

Atsala magalasi ake owerengera. Galasi lilipo, chitsulo chilipo, komanso ulusi wofiira umene anamangira mwendo wothyoka, pokana kugula ena. Pagalasi la kumanja pakuonekabe chala chake. Ndazungulira nawo makatoni onse anayi. Salowa pena paliponse.

Hutala kunja. Mwana akufuula ali pageti: "Adadi, zonse zatheka?"

Magalasi aja ndawaika m'thumba la shati, la pamtima. Akafunsa ndimuuza kuti katoni yake sindinaipeze.