Timavu tachedwa m'dimba lanu

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ine kuno ndilipo, mawondo okha ndiwo akukana. Mkazi wanga make Joni atamwalira, abale ake anandibweza kuno kwathu, ndipo Mervisi, mwana wa mlongo wanga Esinati, anandidulira kachigawo kumapeto kwa dimba lanu lija. Mervisiyo wabereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Nandolo chaka chino sanachite bwino, chinangwa ndicho chatisunga.

Koma chimene chandigwiritsa pensulo ndi nsabwe za m'masamba. Zagwa mu mpiru wanga moti tsamba ukalitembenuza umangoona ngati alithira phulusa, ndipo masamba ayamba kupindika.

Ine ndinachita monga munkachitira inu. Ndinasiya mzere umodzi m'mphepete kuti uchite maluwa, nsabwe zidye mmene zingathere. Paja munkati, "Ukapha nsabwe zonse, wopha nsabwe adya chiyani?" Sukulu ndinalekezera panjira, koma maso ndinali nawo. Ndinkationa timavu tija, tochepa kuposa udzudzu, tikubaya nsabwe imodziimodzi. Nsabwe yobayidwa inkatupa n'kuuma ngati kanjere ka mapira, kenako inkabooka pamsana, kamavu kena n'kutulukamo. Nsabwe zikachepa timavu tinkasowa, zikachuluka tinkabwera chigulu. Kungoti timabwera mochedwa, ndipo masiku odikirawo amafuna munthu wolimba mtima.

Dayitoni, mwamuna wa Mervisi, mtima umenewo alibe. Amalima kabichi wogulitsa, ndipo sipuleya yopopera mankhwala sichoka kumsana kwake. Mphepo ikaomba kuchokera kuphiri, mankhwala ake amagwera kwa ine. Nsabwe zimafa lero, posachedwa zina zabwera, koma timavu sitibwerera. Dzana anaima pa mzere wanga, azimayi otunga madzi akumva, n'kunena kuti, "Amalume, anzanu akuweta mbuzi, inu mwasankha nsabwe? Tikumangireni khola?" Anthu anaseka. Amayi, mkamwini kundiseka ine pa dothi limene munalitsegula inu ndi khasu lanu!

Tsopano akuti Lamulungu tikaweruka kutchalitchi banja likhale pansi. Akuti nsabwe zanga zikuwolokera mu kabichi wake, ndiye kachigawo kanga atenge iye, ine azindipatsa ndiwo. Esinati sakundiikira kumbuyo, poti amadya kwa mkamwiniyo.

Ndikuopa, amayi. Ndawaona madoda amene analandidwa khasu. Amakhala pakhonde kudikira kuitanidwa ku chakudya, ndipo mvula ikagwa kawiri timakawaika. Ndikuopanso china chimene sindinauze munthu: mwina timavu tinatheratu m'dera lino, ndipo ine ndikudikira alendo amene anafa kale. Ngati ndi choncho, ndiye kuti Dayitoni akunena zoona, ndipo zimenezo ndizo zikundiwawa kwambiri.

Dzulo ndinapita wapansi ku Nkhulambe, kwa mayi wina wamasiye amene sapopera munda wake. Anandiyang'ana ngati wamisala, komabe anandilola kuthyola masamba okhala ndi nsabwe zouma zimene sizinabooke. Ndinawakulunga m'tsamba la nthochi kuti dzuwa lisawapse, ndipo nditafika ndinawapachika pakati pa mpiru wanga. M'mawa uno ndapeza zingapo zitabooka. Koma kamavu sindinakaone ngakhale kamodzi. Kaya ndi maso angawa, kaya mphepo yatitenga, sindikudziwa.

Pochoka kudimba ndamupeza Dayitoni pachitsime akutsuka sipuleya. Wandiuza kuti mawa apopera dimba lonse, kachigawo kanga komwe, kuti Lamulungu pasadzakhale zokangana.

Inu munatisiya musanaone mkamwini akulamula m'munda wa eni. Ine mphamvu zomulanda chida chake ndilibe. Koma ndikukulonjezani kuti mawa, mame asanaume, adzandipeza nditakhala pansi pakati pa mpiruwo. Ngati akufuna kupopera, ayambe ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Faisoni