Madzi Ofunda a Alamu Anu

9 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Musadabwe kuti ndagwira cholembera m'malo mokuimbirani foni. Nyumba yathu mukuidziwa, ukayetsemula kukhitchini wa kuchipinda amakupepesa, ndipo zimene ndikufuna kukuuzani sindingaziyankhule alamu anu ali pabalaza. Ndikulemba ndili pabenchi ya kuchipatala, pamzere wa mankhwala awo.

Mukukumbukira ntchito imene anakalamba nayo ku kampani ya madzi. Ankalowa pansi pa damu atabereka silinda ya mpweya, kukachotsa zinyalala pa masefa ndi kumanga mapaipi, mpaka anzawo anawapatsa dzina loti Katumbu. Madzi ake anali ozizira ndi amatope. Ankabwera kunyumba milomo itachita bii, zala zitakwinyika ngati za khanda, ine n'kumawathira madzi otentha m'beseni kuti mapazi atsitsimuke. Nthawi zonse ankati akadzapuma pantchito adzapita kunja, kunyanja ya mchere, akalowe m'madzi ofunda ndi oyera, oti munthu n'kuona dzanja lake. Ine ndinkayesa nkhambakamwa chabe.

Atapuma chaka chatha, nkhani ija inakula. Anagula mapu aakulu a dziko lonse n'kuwamata pakhoma la pabalaza, pamene panali chithunzi cha ukwati wathu. Chithunzicho anachisamutsira kuchipinda, ati ife tikudziwana kale. Madzulo aliwonse tikatha kudya ankandiitana kuti tisankhe kopita. Mzime wathu, mtsikana uja amene tikukhala naye, anawaphunzitsa kufufuza mavidiyo pafoni, ndipo tinaona zinthu zoti sindinkadziwa kuti Mulungu analenga: akamba osambira ngati akuuluka, nsomba zachikasu zoyenda m'chigulu ngati mtambo, miyala yamoyo yophuka nthambi zofiira imene amati makorali.

Kusankha kwake sikunali kwa masewera. Nyanja Yofiira anaikonda chifukwa madzi ake ndi oyera, koma atamva kuti miyezi ina amazizirako anaikana, ati kuzizira anakhuta nako. Zilumba zina anazikana chifukwa madzi ake amakoka kwambiri, zina chifukwa alendo amachuluka mpaka nsomba kuthawa. Mayi wa ku ofesi yokonza maulendo anafika potizolowera, akationa pakhomo ankayamba kuseka, ati bambo awa akusankha nyanja ngati akusankha mkazi. Iwo ankayankha kuti mkazi sanavutike kusankha, nyanja ndiye yavuta. Ine ndinanena poyera kuti pansi pa madzi sindidzalowa, ndidzakhala m'boti n'kumasunga nsapato. Pomaliza tinagwirizana za zilumba za ku Indoneziya. Achemwali, miyezi imeneyo alamu anu anabwerera unyamata. Suti yawo ya rabara yolowera m'madzi anaitulutsa m'sutikesi, kuichapa, kuiyanika pachingwe anthu oyandikana nafe akuona.

Ndiye mayi wa maulendo uja anatiuza kuti eni maboti a kumeneko salola munthu wa msinkhu wawo kulowa pansi popanda dokotala kumuyeza. Tinapita tikuseka. Chifuwa anali nacho kuyambira kale, chouma, chosatulutsa kanthu, ndipo tonse tinkati ndi fumbi la mumsewu mwathu. Pokwera masitepe a kuchipatala anapuma kawiri, ine n'kumawanena kuti ndi mimba yakula. Dokotala anawamvetsera pamsana nthawi yaitali, kenako anawatumiza kukajambulitsa chifuwa. Titabwerera, anatembenuza kompyuta kuti tione, n'kutilozera malo oyera ngati ukonde wa kangaude m'munsi mwa mapapo onse awiri. Anati mapapowo ali ndi zipsera ndipo akuuma, mankhwala angochedwetsa koma sangabweze.

Alamu anu anamvetsera zonse modekha, kenako anafunsa kuti, "Nanga pansi pa madzi, adokotala? Ngakhale kamodzi kokha, posaya?"

Dokotala anati, "Bambo, mukalowa simudzatuluka."

Pobwerera, tili pafupi kufika kunyumba, anangoti dokotala uja ndi mwana, madzi amawadziwira m'kapu.

Zimene zinatsatira ndinazimva zitachitika kale. Pali mnzawo wina amene ankagwira chingwe pamwamba iwo akakhala pansi pa damu, timangowatcha Achingwe. Loweruka lina m'mawa alamu anu anati akupita kukameta. Osadziwa anapangana ndi Achingwe, anabwereka silinda, n'kupita kudziwe losambiramo la pahotela ina kuti akatsimikize kuti dokotala wanama. Achingwe akuti anawakaniza, koma ungamukanize bwanji munthu amene wakhala ukumugwirira chingwe moyo wako wonse? Alamu anu analowa bwinobwino, kufika pansi, kukhala pa matailosi. Posakhalitsa anatulukira akuphupha, magazi ali m'kamwa. Foni inandipeza ndikuchapa. Ndinathamanga ndi thovu m'manja, ndipo ndinawapeza atawaika kale paipi m'nthiti chifukwa phapo limodzi linali litaphwa. Achingwe anali atakhala pansi m'khonde la chipatala, zovala zili chinyowere, akulira ngati mwana. Ndinalephera kuwakalipira.

Anatuluka m'chipatala mwezi watha, koma si munthu uja munamusiya. Kuchoka pabedi kufika pampando wa pabalaza ndi ulendo. Tinabweretsa makina a mpweya amene amalira tsiku lonse pakona, ndipo timapaipi take timadutsa m'mphuno mwawo. Magetsi akazima mtima wanga umazima nawo, ndimathamangira silinda yosungira. Kusamba ndimawasambitsa ndine, atakhala pampando wa pulasitiki, ndipo amatseka maso kuti tisaonane.

Chimene chikundidya n'chakuti kusankha kuja sanasiye. Madzulo amandiitanabe. Poyamba anati tipeze malo osaya, oti munthu angoyandama pamwamba n'kumayang'ana pansi ndi magalasi. Kenako anamva za maboti okhala ndi galasi pansi, ati amenewo ndiye abwino, tidzakhala limodzi, nsapato sizidzasowa wosunga. Amanditumabe kwa mayi wa maulendo kukafunsa miyezi imene nyanja imakhala bata. Ndimapitadi, chifukwa ndikabwera amandifunsa zonse. Mayiyo masiku ano saseka. Amandikokera mpando, kundipatsa madzi, n'kundiyankha mafunso onse ngati ulendo ulipo.

Ulendo palibe, Achemwali. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ngakhale ndege sangakwere, ndiponso kuti matendawa akuthamanga kuposa mmene ankayembekezera. Nditafunsa kuti tili ndi nthawi yotani, anayang'ana pansi n'kunena kuti abale akutali ndi bwino adziwe. Alamu anu sindinawauze. Mzime wathu akuti ndikuwanamiza bambo ake ngati mwana, ndipo tsiku lina anafuna kumatula mapu aja pakhoma. Tinakangana m'khitchini monong'ona, mpaka anatuluka n'kukagona kwa mnzake. Mwina akunena zoona. Koma mapuwo ndikawachotsa, munthuyu adzayang'ana chiyani tsiku lonse? Khoma?

Lamlungu lapitali masana tinali awiri. Tinkaonera vidiyo ya tinsomba tofiirira tobisala m'maluwa a pansi pa nyanja, ndipo ndinaona kuti sakuyang'ana foni, akuyang'ana manja awo. Anati, "Mayi a ana, mukudziwa kuti zaka zonse zija sindinaonepo nsomba pansi pa madzi?"

Ndinati akunena nthabwala.

"Ayi ndithu. Zinkangondikhudza m'miyendo mumdima. Ndinkazimva, koma kuziona ayi. Ndimafuna ndione imodzi yokha ili kwawo."

Ndinanamizira kuti ndasiya madzi pamoto, ndipo ndinakaima kuseri kwa nyumba mpaka nkhope itauma. Nditabwerera ndinapeza atagona pampando, foni ili pachifuwa, nsomba zikusambirabe. Kuyambira tsiku limenelo ndikukayika ngati ndine ndikuwabisira kapena ndi iwo akundibisira ine. Mwina tonse tikudziwa, aliyense akusunga mnzake.

Kupemphera ndikupemphera, koma mawu akundithera. Tulo sindikupeza, chakudya chikungondiwawa m'kamwa. Anthu akabwera kudzazonda amati limbani mtima, ndipo ndimavomera, koma mtima wake ndilibe. Suti ya rabara ija ikadali pachitseko cha kuchipinda, ndikuopa kuipinda, ndikuopanso kuiyang'ana.

Pepani kuti ndakusenzetsani katundu yense uyu, ndilibe wina womutulira. Ngati mungapeze zotsamira zofewa zija zothandiza munthu kugona chokhala, mutitumizire, chifukwa chagada sakutha kupuma. Mukamaimba foni muziimba masana, ndi pamene amakhala ndi mphamvu zoyankhula, ndipo musalire iwo akumva.

Mundiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi kwa ana onse, makamaka kamdzukulu kanu kamene sitinakaonebe. Mzime wathu akupereka moni, ngakhale ine ndi iye sitikuyankhulana bwino. Alamu anunso akupereka moni wambiri. M'mawa uno nditawauza kuti ndikulemberani, anasangalala kwambiri, ati pamapu aona kuti ndege yopita kuzilumba kuja imadutsa kufupi ndi kwanuko. Akuti ndikuuzeni kuti tidzaima kwanu masiku angapo, mukonzeretu chipinda cha alendo, ndipo pobwerera adzakutengerani zigoba za m'nyanja.

Uthenga wawo ndapereka monga ananditumira. Chipindacho musakonze, Achemwali. Bwerani ndinu, ndipo musachedwe.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamubereka kumsana.