Kuimba nditavala zakuda

Lachinayi madzulo. Lero mtima walemera.

Chimwalirireni bambo a Chisomo tulo sindiona, chakudya sichilowa. Anamwino anandilembera m'buku la kuchipatala kuti ndizikaimba ndi gulu la amayi pa Mitundu, ati nyimbo zimachepetsa maganizo. Lero ndapita. Poyamba ndinangokhala kumbuyo, kenako ndinangozindikira ndikuwomba m'manja, mpaka kuseka. Aka n'koyamba chiikireni maliro.

Pofika kunyumba ndinapeza apongozi, abwera kuchokera ku Nathenje kudzandiona. Anthu anali atawauza kale kumene ndinali.

"Zakuda simunavule, mwayamba kale kuimba? Mwana wanga mwamuiwala msanga."

Ndinawapatsa bukulo kuti aone okha. Sanalitsegule n'komwe.

Nyimbo tinaimba ija ikumabwerabe pakamwa, ine n'kumaimeza. Lachinayi likubwerali kaya ndipita...