Munda wa Mlamu Wathu Luwiza

Dambe, Mchinji

Wokondedwa mlongo wanga Vincent,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Zombako. Kuno tilipo, kungoti bondo lakumanzere likundivutabe.

Ndinamva pa wailesi kuti mwezi wamawa a ku yunivesite akutsanzikana nawe. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerenga, monga umandidziwira. Mabuku ako a zamalamulo ndi anayi, onse ali m'kabati mwanga. Oweruza milandu amene ndawamva akunena kuti anadutsa m'manja mwako ndi asanu ndi awiri. Mmodzi, mayi, anati asanalowe m'kalasi mwa Pulofesa ankayesa kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mwambo, osati mlandu. Ndinanyadira, ine amene ndinakuphunzitsa kugwira pensulo.

Buku lachitatu ndaliwerenga kawiri. Paja ndi lija unazungulira nalo midzi pa njinga, kufunsa akazi a chitengwa zimene zimawaonekera amuna awo akamwalira. Unalemba kuti mwambo weniweni sunkachotsa munthu pamunda umene waulima moyo wake wonse, anaupotoza ndi adyera.

Tsopano imva za kwanu. Abale agwirizana zomusudzula Luwiza, mkazi wa malemu mng'ono wako Kefasi, mvula isanagwe. Kumumasula sindikukana. Koma akuti akasudzulidwa abwerere kwawo ku Mulanje, kumene anachoka ali kumsana pamene makolo ake ankabwera kudzalima fodya pa esiteti. Kumeneko sadziwako munthu. M'munda muja muli mitengo ya mango khumi ndi umodzi, yonse anabzala ndi iye.

Amene akulimbikira zimenezi ndi ana anga, Fanuel ndi Phillip. Akuti munda wa malume umagwera aphwake, ndiye kuti iwowo. Nditawaonetsa buku lako, Fanuel anaseka, nati malamulo a m'buku la amalume amatsikira pa siteji ya Kamwendo, kuno kulibe minibasi yowafikitsa. Luwiza sanatsutsane ndi munthu. Anangobwera kudzandifunsa ngati aswe mtedza wa mbewu kapena augulitse. Ndinamuuza kuti aswe.

Ine ndalankhula, koma amati ndi chisoni cha nkhalamba. Mwinimbumba ndiwe. Usaimbe foni: adzavomera mwaulemu, ukadula apitirize zawo. Mawu a mwinimbumba amamveka iye atakhala pamphasa, anthu akumuona nkhope.

Bwera usanapite kokalandira ulemu uja. Kalasi imene ikukudikira kuno ndi yaing'ono. Ndawerenga anthu asanu ndi anayi, ndipo ouma mutu kwambiri awiriwo ndinabereka ndine.

Upereke moni kwa alamu a Esitele ndi ana onse. Mulungu akutsogolere pa msewu.

Mtedza uja Luwiza wayamba kale kuswa.

Ndine mlongo wako,
Consolata