Tadala wapinda yunifolomu

Amayi, kaya mukupeza bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Nandolo wabereka, koma chimanga cha kudambo mbozi zinatha. Mng'ono wanga Esinati wachira ku Mbulumbuzi, mwana ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu.

Chandilembetsa ndi Tadala, mdzukulu wanu wosamva uja. Mukukumbukira mmene munkamuperekezera kusukulu, bondo likukuwawani, kuti akaphunzire chinenero chamanja kwa a Mangani? Aphunzitsi aja kulibe. Patangotha miyezi itatu tikuikeni, anatiitana makolo n'kutiuza kuti zinthu zasintha, ana olumala aziphunzira limodzi ndi anzawo. Aphunzitsi othandizira ntchito inawathera. A Mangani anawasamutsira kuboma, akuti aziyendera sukulu zambiri. Chichokereni sitinawaone. M'chipinda chawo chija akusungamo matumba a ufa wa phala.

Tsiku lina ndinakasuzumira pazenera. Ana odzaza mpaka pakhomo, mphunzitsi mmodzi, akulankhula atayang'ana kubolodi. Tadala ali kumbuyo, akungopenya msana wawo. Mwezi watha anamukwapula chifukwa sanavomere ataitana dzina lake. Mayi mphunzitsiwo anabwera kunyumba kudzapepesa, akuti palibe anawauza kuti mwanayo samva. Sindinawakalipire, nawonso angowasenzetsa mtolo. Koma amene anakonza zimenezi ali phee m'maofesi, ndipo ana awo amamva.

Munkakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawu amenewo munapita nawo kumanda, Amayi.

Sabata yatha zotsatira zatuluka, akuti abwereze Sitandade 4. Sanalire. Anachapa yunifolomu, kuipinda bwinobwino, n'kuiika m'sutikesi yanu. Kenako anayamba kundifotokozera ndi manja, mofulumira, nkhope itakwinyika. Ndinangotolapo mawu awiri, sukulu ndi ayi. Ataona kuti sindikumva, anatsitsa manja n'kutuluka panja.

Apa ndiye pakundiwawa. Inu munaphunzira manja ake muli nkhalamba. Ine ndinkati ndilibe nthawi, poti agogo ake alipo, aphunzitsi alipo. Lero mwana wanga alibe wocheza naye, kusukulu ngakhale kunyumba kwa mayi wake.

Lolemba ndikwera kabaza kupita kuboma. Ndikakhala pakhomo pa ofesi ya maphunziro mpaka wina atuluke andiuze kumene kuli a Mangani. Akandibweza ndidzapitanso. Ndipo madzulo aliwonse ndizikhala naye pamkeka, andiphunzitse, ngakhale zala zanga n'zouma. Ndakulonjezani, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya