Netiweki ya M'mutu Mwanga

Mposa, Machinga
14 Ogasiti 2024

Wokondedwa Mwajuma, mwana wa mlongo wanga,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi amuna ako. Kuno tadzuka, Alhamdulillah. Dzanja lamanjali likadali lolemera chidwalireni sitiroko ija, koma cholembera ndagwira ndekha.

Uthenga wako wandipeza kudzera kwa mng'ono wanga Zubairu. Akuti wanena kuti pa ukwati wa mwana wako Lukiya nkhoswe akhale iyeyo, chifukwa ine mutu sukugwira. Mwajuma, ine amene ndinakuimira pa ndowa yako, tsiku limene unakwatiwa, zoterezi ndizimvere kwa munthu wina?

Imva tsono mmene zinayendera, poti wamva mbali imodzi.

Mwezi wa Meyi anthu akafukufuku anatitenga ife odwala sitiroko kupita ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Zubairu anandiperekeza. Anandigoneka m'makina onga mgolo, nandiuza kuti ndisagwedezeke. Chinthucho chinkagogoda ngati sitima ikuwoloka mlatho. Atatha anandionetsa ubongo wanga pa kompyuta: timizere tofiira, tobiriwira, tabuluu, topiringizana ngati ulusi wa telala.

Dokotala wake, mayi waulemu ndithu, anati timeneto ndi tinjira tomwe mbali za ubongo zimatumizirana mauthenga. Pofuna kuti ndimve msanga, anati zili ngati netiweki ya foni, ndipo kumanzere kuno, komwe kumachokera mawu, netiweki inaduka pang'ono.

Zubairu anatola mawu amenewo basi. Pofika pa Liwonde n'kuti minibasi yonse itamva. Ukudziwa kwathu kuno tikati munthu alibe netiweki timatanthauza chiyani. Lero ndikamadutsa pamsika, anthu amakweza foni m'mwamba ngati akuisakasaka, ena n'kumafunsa ngati Che Twaha yabwerako.

Chomwe sanakuuze n'chakuti dokotalayo anapitiriza. Anandilozera timizere tina m'mbali mwa podukapo, nati mauthenga ayamba kudzera kumeneko, ndipo n'zimene iwo akufufuza. Ine ndinamva bwino kuposa Zubairu. Ndagwira ntchito yokonza njanji ya ku Nayuchi zaka makumi awiri ndi zisanu. Madzi akakokolola malo amodzi, sitinkati njanji yonse yatha.

Sindikubisira kanthu. Mawu ena amandithawadi. Tsiku lina pofuna kunena khasu ndinati nsapato, akazi anga anaseka, ine ndinanyanyala chakudya. Chichewa chikakana ndimadzera ku Chiyao. Nthawi zina zonse ziwiri zimakana, ndimangoti kukamwa yasa. Zimandiwawa, mwana wanga, kuposa dzanjali.

Koma kuchedwa kwa lilime si misala, iyayi. Unkhoswe si mpikisano wolankhula. Ndani mwa inu akudziwa agogo a mnyamata wokwatirayo, ndi chimene anachokera kwa Kawinga? Zubairu, amene wasiya akazi atatu, ndiye azikaweruza Lukiya akakangana ndi mwamuna wake?

Akuchimuna akubwera kuchokera ku Balaka pa 7 Sepitembala. Ine ndidzakhala pamkeka kutsogolo, nditavala mkanjo wanga woyera. Ndikadzachedwa kulankhula adzadikira, odzapempha ndi iwowo. Mbumba ino anandisiyira ndi amayi ako pomwalira. Sinaperekedwe ndi makina, ndipo sichotsedwa ndi miseche ya m'minibasi.

Ngati ukufunadi kundichotsa, usatume munthu. Undiimbire iwe mwini, unene ndi pakamwa pako kuti amjomba ndinu amisala. Ukatero pamkekapo ndidzuka, sindikukaniza. Ukapanda kuimba, Lukiya ndidzam'pereka ndine.

Allah akusunge kumeneko, akutchinjirize ku zoopsa za m'dziko la eni. Undiperekere moni kwa bambo a Lukiya, uwauze kuti kalatayi awerenge nawo.

Ndine mjomba wako,
Twaha