Nyemba Zovala Malaya Awiri

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Dedza, ndinakwatiwa kuno ku Mzuzu. Amuna anga, bambo Overtoun, amaphunzitsa kuyunivesite. Pobwerako kusukulu kunja, anzawo anabweretsa magalimoto, iwo anabweretsa mbewu ya nyemba zotchedwa fava. Anazula nkhwani ndi mpiru wanga kuseri kwa nyumba n'kudzala zimenezo, ati kuzizira kwa Mzuzu zimakukonda.

Nyembazi, Aphungu, zimavala malaya awiri. Ukasenda khoko lakunja, iliyonse ili ndi chikopa chakenso choti uchotse. Tsiku lina ndinasenda lichero lodzaza mpaka zala kuwawa, zotsala zake kapu imodzi. Eni mbewu ali pasofa ndi laputopu, kumangokuwa kuti, "Samala texture, Lenia!"

Mwezi watha apongozi anabwera kuchokera ku Rumphi. Ine kutopa, ndinangoziphika ngati nyemba zouma, pambaula m'mawa wonse, ndi kasoda pang'ono. Zinatuluka zotuwa ngati matope. Apongozi anasuzumira m'mbale n'kufunsa mwana wawo, osati ine, m'Chitumbuka, "Dende lili nkhu?" kutanthauza kuti ndiwo zili kuti. Kenako anati, "Yewo chomene," n'kukankha mbaleyo.

Pano ndamva kuti kumudzi mbiri yafala yoti mkamwana wa ku Dedza amamana ndiwo, komanso kuphika sadziwa. Zikundiwawa kwambiri. Loweruka apongozi akubweranso, ndipo atenga alamu anga aakazi kuti adzaone okha. Ndichite chiyani?

L.M., Kaning'ina, Mzuzu

Mayi L.M.,

Tiyambe ndi kuwaombera m'manja aphunzitsi athuwo. Mzinda ukukula, malo akusowa, anzawo akumanga nyumba zogona ana asukulu, iwo aona kuti chimene Mzuzu umasowa ndi nyemba zovula kawiri. Sukulu ndi yabwino ndithu.

Koma nanunso munazilakwira. Nyemba zaziwisi saphika ngati zouma, ndipo sodayo musungire therere. Thyolani zanthete, sendani makoko, muziponye m'madzi owira amchere kanthawi kochepa chabe. Zivuuleni, ziikeni m'madzi ozizira. Mukatsina chikopa ndi chikhadabo n'kufinya, nyemba imapulumuka yokha. Kazingani anyezi ndi tomato, thirani nyembazo, ndipo kuti kakapu kaja kakwanire anthu, onjezani nsinjiro. Pambali pakhale nkhuku kapena usipa, chifukwa apongozi sakukwera minibasi kuchokera ku Rumphi kudzadya texture.

Ndanena kuti mukatsina, koma otsina si inu ayi. Alendo akangofika, ikani mpando pakhonde, lichero pamiyendo pa amuna anu. Gwadani mwaulemu, muwauze apongozi kuti ndiwo zimenezi amazidziwa bwino ndi mwana wawo, anakaziphunzira kunja. Aone ndi maso awo lichero likusanduka kapu m'manja mwa mwana amene anabala okha. Mbiri yobwerera ku Rumphi isintha mwini, inu osakwezako mawu.

Apa pokha sindikuseka: pali anthu ena amene nyembazi zimawadwalitsa magazi. Wina akadya n'kuyamba kufooka, maso achikasu, mkodzo wakuda, thamangirani naye kuchipatala, musadikire.

Ndipo nthanga za maungu zija musataye. Aphunzitsi akafika pakati pa lichero, adzakufunsani okha kumene munaika khasu.